Mafuta ali ndi miyendo, gasi alibe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Dublin, m'dziko la Ireland. Malonje ndi nkhani za kumudzi ndazisiya, ndangotenga funso lawo. Akuti: "Chiyambireni nkhondo ya ku Ukraine timangomva kuti bungwe la EU laika zilango pa Russia, mawa zina, mkuja zinanso. Koma mnzanga wa kuntchito akuti mayiko omwewa akugulabe gasi ku Russia, ndipo ndalama zomwezo ndi zimene Putin akugulira zida. Kodi n'zoona? Ngati n'zoona, si chinyengo chimenechi? Nanga mwa awiriwa wapsa kwambiri ndani? Ine chomwe ndikudziwa n'chakuti bilu yanga ya gasi inakwera ndipo sinabwererenso pomwe inali."

Achemwali, zikomo kwambiri polemba. Mnzanuyo sananame. Gasi wa ku Russia sanasiyiretu kulowa m'mayiko a EU, kungoti wachepa zedi. Chinyengo nacho chilipo, koma sichili pamene anthu ambiri amaloza chala.

Tiyambe tasiyanitsa zinthu zitatu zimene nyuzipepala zimangoziunjika mulu umodzi: malasha, mafuta ndi gasi. Malasha amawathira m'sitima ngati mchenga. Mafuta nawonso amakwera sitima, ndipo sitima yonyamuka pa doko la Primorsk ikhoza kukakocheza ku Rotterdam, ikhozanso kupitirira n'kukatsitsa ku India. Gasi ndi mpweya. Kuti achoke ku Siberia akafike pa chitofu cha mayi wa ku Munich pamafunika paipi, ndipo paipi ili ndi pakamwa pawiri basi, polowera ndi potulukira. Wogulitsa sangaizule kuti akaisomeke kwa kasitomala wina. Wogula naye sangaikokere kwa wogulitsa wina. Mukakangana, nonse mumangoyang'anizana, chitsulo chili pakati panu. Zambiri zimene zachitika kuyambira 2022 zagona pamenepa.

Ubwenzi umenewu sanauyambitse Putin. Unayamba Russia ali mkati mwa Soviet Union, pa nthawi imene kum'mawa ndi kumadzulo kwa Ulaya ankalozana mizinga. Mwa mayiko akumadzulo, dziko la Austria ndi limene linayamba kulandira gasi wa Soviet mu 1968. Mu 1970, Willy Brandt akutsogolera West Germany, panachitika msinthano wosavuta kuumvetsa. A Soviet anali ndi gasi wosaneneka pansi pa nthaka koma analibe mapaipi akuluakulu achitsulo. Ajeremani anali ndi chitsulo ndi ndalama koma gasi wawo anali wochepa. Kampani ya Mannesmann inapereka mapaipi, mabanki motsogozedwa ndi Deutsche Bank anapereka ngongole, ndipo kampani ya Ruhrgas inavomera kugula gasiyo kwa zaka 20. Gasi woyamba anafika ku Bavaria mu 1973, chaka chomwe mayiko a Aluya anamana mafuta mayiko akumadzulo n'kukweza mitengo. Ndiye kuti poyambapo gasi wa ku Siberia ankaoneka ngati pothawira, osati msampha. Amene amaseka Ajeremani lero mbali imeneyi amaidumpha.

Wochenjeza analipo. Mtsogoleri wa America pa nthawiyo, Ronald Reagan, anayesetsa kuletsa paipi yaikulu yochokera ku Urengoy, mpaka anaika zilango pa makampani a ku Ulaya amene ankapereka makina ake. Anzake onse anamukanira, ngakhale Margaret Thatcher wa ku Britain amene ankamwera naye chikho chimodzi, ndipo mu November 1982 Reagan anabweza moto. Gasi anayenda. Khoma la Berlin linagwa mu 1989, gasi akuyenda. Soviet Union inaphwasuka mu 1991, gasi akuyendabe. Munthu amene wakugulitsani katundu zaka 40 osakuphonyani, ngakhale nyumba yake ikupsa, mumafika pomukhulupirira. Ku Germany kunakhazikika chikhulupiriro chakuti malonda amafewetsa mdani, kuti munthu amene ukudya naye mbale imodzi sangakuponyere mwala.

Makontirakiti ake analinso omanga manja. Ankakhala a zaka 20 kapena 25, mtengo wake wotsatira mtengo wa mafuta, ndipo munkakhala mfundo yakuti gasi mwatenga kapena simunatenge, gawo lalikulu mulipira ndithu. Si nkhanza ayi. Amene akukumba zitsime m'chipale cha ku Siberia n'kuyala mapaipi makilomita masauzande amafuna kudziwa kuti ngongole yake ibwezedwa. Koma zikutanthauza kuti kampani ya ku Austria kapena ku Spain singangodzuka m'mawa n'kunena kuti basi tasiya. Ikatero popanda lamulo la boma loiteteza, ikalipira kukhoti.

Tsopano pali chinthu chimene ife oonera patali chimatisokoneza. Tikamva kuti EU timaganiza za boma limodzi. Pa nkhani ya msonkho wa pamalire ndi mapangano a malonda, inde, mayiko 27 aja amalankhula ndi pakamwa pamodzi ku Brussels. Koma pa nkhani yakuti dziko liphikire chiyani, malasha, nyukiliya kapena gasi, ndiponso ligule kwa ndani, malamulo a bungweli amasiyira dziko lililonse. Ndi mudzi wa mfumu imodzi koma khitchini 27. Komanso kuti zilango zidutse pamafunika onse 27 avomere, mmodzi akakana zagwa. Russia ankazidziwa bwino zimenezi. Anasaina pangano la ubale ndi EU mu 1994 ku Corfu, limene linayamba kugwira ntchito mu 1997, koma pangano lina la Energy Charter, lomwe likanatsegula mapaipi ake kwa makampani ena, anangosaina osalivomereza ku nyumba ya malamulo. Mu 2006 anakhazikitsa lamulo lakuti gasi wotuluka m'dzikomo azigulitsa Gazprom yekha, kampani ya gasi yolamulidwa ndi boma. Mbali imodzi wogulitsa mmodzi, mbali inayi ogula ambirimbiri, aliyense akulowa m'chipinda payekha kukanenerera mtengo.

Zotsatira zake zinali zodabwitsa. Dziko la Lithuania, lomwe lili pakhomo penipeni pa Russia, linkalipira mtengo wokwera kuposa Germany amene ali kutali. Chifukwa chake? Linalibe kwina kogula. Mu 2014 a Lithuania anabweretsa pa doko la Klaipėda sitima yolandirira gasi wa m'sitima, n'kuitcha dzina lakuti Independence, kutanthauza ufulu wodzilamulira. Chaka chomwecho Gazprom anawatsitsira mtengo. Akuluakulu a ku Brussels nawo anatsegulira Gazprom mlandu mu 2012 wokhudza kugawa misika ndi kudyera mayiko a kum'mawa masuku pamutu, ndipo unatha mu 2018 mwa kukambirana, popanda chindapusa.

Machenjezo ena anabwera mu January 2006 ndi January 2009, pamene Russia ndi Ukraine anakangana pa mitengo ndi ngongole. Mu 2009 gasi wodutsa ku Ukraine anaima pafupifupi masabata awiri pakati pa dzinja lawo. Ku Bulgaria masukulu anatsekedwa, ku Slovakia mafakitale anaima. A Poland ndi mayiko a ku Baltic anati vuto ndi wogulitsa. A Germany anati ayi, vuto ndi njira.

Ndiye anailambalala njirayo. Paipi ya Nord Stream, yotalika makilomita 1,224, inayalidwa pansi pa nyanja ya Baltic kuchokera ku Vyborg mpaka ku Lubmin, ndipo inatsegulidwa mu 2011. Inkatha kunyamula makiyubiki mita 55 biliyoni pa chaka. Gerhard Schröder anaikankha ntchitoyi mu 2005 ali mtsogoleri wa Germany, ndipo atangochoka pampando analandira udindo waukulu mu kampani ya paipiyo. Kwathu kuno zikanatero tikanazitchula dzina lake lenileni. Russia atalanda Crimea mu 2014 munthu akanayembekezera kuti Ajeremani abwerera m'mbuyo, koma mu 2015 anagwirizana zoyala paipi yachiwiri, Nord Stream 2. Chaka chomwecho nkhokwe yaikulu kwambiri yosungira gasi ku Germany, ya ku Rehden, inalowa m'manja mwa Gazprom kudzera mu msinthano ndi kampani ya ku Germany ya BASF. Tangoganizani, nkhokwe ya chaka cha njala mwapatsa kiyi munthu yemwe amakugulitsani chimanga. Akuluakulu anati pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo apa kufundako kunali kwenikweni, kwa m'nyumba zotenthedwa ndi gasi wotchipa.

Pofika 2021 mayiko a EU ankagula ku Russia gasi wokwana makiyubiki mita pafupifupi 155 biliyoni, yemwe anali 45 peresenti ya gasi yense wochokera kunja. Kwa Germany payekha zinkapitirira theka. Mafuta a ku Russia anali gawo limodzi mwa magawo anayi, malasha pafupifupi theka. Katundu yense wodutsa pakati pa mbali ziwirizi chaka chimenecho anaposa mayuro 250 biliyoni, ndipo EU ndiye anali kasitomala wamkulu wa Russia pa dziko lonse. Ku Moscow nako, ndalama za mafuta ndi gasi zinali zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a bajeti ya boma. Aliyense anagwira mnzake pakhosi, ndipo aliyense ankadziuza kuti mnzakeyo sangafinye.

Apa tsopano pali chimene mnzanu wa kuntchito mwina sakuchidziwa. Nkhondo itayamba pa 24 February 2022, a EU sanaike zilango pa gasi wa m'mapaipi. Malasha anawaletsa kuyambira August 2022. Mafuta osayenga obwera pa sitima anawaletsa pa 5 December 2022, dizilo ndi ena oyengayenga pa 5 February 2023. Gasi sanamukhudze, ankamuopa. Amene anatseka mpopi ndi Russia. Kumapeto kwa March Putin analamula kuti mayiko amene sakugwirizana naye azilipira kudzera ku Gazprombank, ndalamazo zizisinthidwa kukhala ma ruble. Poland ndi Bulgaria anakana, pa 27 April anawadulira. Kenako Finland, kenako makampani a ku Netherlands ndi Denmark. Mu June gasi wa mu Nord Stream anatsitsidwa kufika pa 40 peresenti, ati chifukwa makina ena anakakonzedwa ku Canada ndipo zilango zikuwatsekereza. Makinawo anabweretsedwa mpaka ku Germany, mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, Olaf Scholz, anakajambulitsa ataima pambali pake, a Gazprom osawatenga. Mu July gasi anatsika kufika pa 20 peresenti, kumapeto kwa August anaimiratu. Nkhokwe ya ku Rehden ija nkhondo isanayambe n'komwe inali itasiyidwa pafupifupi yopanda kanthu.

Pa 26 September 2022 mapaipi atatu mwa anayi a Nord Stream anaphulitsidwa pansi pa nyanja pafupi ndi chilumba cha Bornholm. Yachiwiri ija inali isanagulitsepo gasi ngakhale tsiku limodzi, chifukwa Scholz anaimitsa chilolezo chake kutatsala masiku awiri kuti nkhondo iyambe.

Cholinga cha Moscow chinali chodziwikiratu: Azungu akazizidwa adzasiya kuthandiza Ukraine. Mtengo unapenga. Pa msika wa gasi wa ku Netherlands wotchedwa TTF, womwe Ulaya yense amaonera mtengo, muyezo umene zaka zam'mbuyo unkagulidwa mayuro 20 kapena kuchepera unadutsa mayuro 300 mu August 2022. Bilu yanu ija, achemwali, inachokera apa. Ireland sagula gasi wa m'paipi ku Russia. Wina amachokera m'chitsime cha Corrib kufupi ndi gombe la Mayo, wochuluka amadzera ku Scotland. Koma msika ndi umodzi. Tomato akasowa ku Ntcheu, wogulitsa wa ku Ndirande sakufunsani ngati wake wachokera ku Bvumbwe, amangokweza. Magetsi nawo anakwera chifukwa ku Ulaya mtengo wa magetsi umatsatira makina odula kwambiri amene ayatsidwa pa ola limenelo, ndipo nthawi zambiri amakhala oyendera gasi.

Azungu sanazizidwe mpaka kugonja, ndipo chinawapulumutsa kwambiri ndi gasi wotchedwa LNG. Ameneyu ndi gasi yemwe uja, koma amamuziziritsa mpaka madigiri 162 pansi pa ziro kuti asanduke madzi. Akatero amafupika ka 600, n'kukwana m'sitima. Kumeneku ndiye kumuveka gasi miyendo, koma ndi miyendo yodula: pamafunika fakitale yoziziritsira, sitima zapadera, ndi doko lomusandutsanso mpweya. Germany analibe doko lotere ngakhale limodzi. Dziko lodziwika ndi kuchedwa pa mapepala linamanga la ku Wilhelmshaven m'miyezi yosakwana khumi, n'kulitsegula mu December 2022. Norway anakhala wogulitsa wamkulu kudzera m'mapaipi ake. Sitima zinayamba kukhamukira kuchokera ku America ndi Qatar. Italy anathamangira ku Algeria, mkulu wa EU Ursula von der Leyen anakwera ndege kupita ku Baku kukapempha gasi wa Azerbaijan. Anagwirizananso kuchepetsa kugwiritsa ntchito gasi ndi 15 peresenti ndiponso kudzaza nkhokwe dzinja lisanafike. Mwayi unawathandizanso, dzinja la chaka chimenecho silinalume kwambiri.

Koma kupulumuka kumeneku sikunali kwaulere. Boma la Germany linaika pambali mayuro 200 biliyoni ophimbira anthu ndi makampani ku mitengo yokwera. Kampani ya Uniper, imene inkagula gasi wambiri ku Gazprom, inatsala pang'ono kugwa mpaka boma linaitenga. Ndipo mbali ina ya "kuchepetsa kugwiritsa ntchito gasi" ija sikunali kudziletsa ayi, anali mafakitale kuzimitsa makina. Mu February 2023 BASF inalengeza kuti itseka mbali zina za fakitale yake yaikulu ya ku Ludwigshafen, kuphatikizapo imodzi yopanga amoniya, ndi kuchotsa ntchito anthu 2,600.

Nanga Russia? Apa ndi pamene miyendo ija ikuonekera. Mafuta ake anangotembenuka n'kuyenda. India, amene nkhondo isanayambe ankagula mafuta ochepa kwambiri ku Russia, anafika pogula kumeneko gawo limodzi mwa magawo atatu a mafuta ake onse. China ndi Turkey anawonjezera. Mayiko olemera a m'gulu la G7 ndi EU anaika malire a mtengo, madola 60 pa mgolo, kuti sitima ndi makampani a inshulansi a kumadzulo asanyamule mafuta ogulitsidwa kuposa pamenepo. Dziwani kuti cholinga sichinali kuwachotsa mafutawo pa msika, chifukwa akanatero petulo akanakwera dziko lonse, ku America komwe. Ankafuna mafuta aziyenda koma Putin azipeza zochepa. Russia anayankha posonkhanitsa sitima zakale mazanamazana, za eni osadziwika bwino ndi mbendera zosinthasintha. Amagulitsa motsitsa, amawononga zambiri pa mayendedwe, koma amagulitsa.

Choseketsa, kapena chomvetsa chisoni, n'chakuti ena mwa mafuta amenewo ankabwereranso ku Ulaya. Akafika ku Jamnagar kapena ku Vadinar m'dziko la India, amayengedwa, n'kutuluka ali dizilo "wa ku India", ndipo lamulo linkalola kuti alowe ku Rotterdam. Fakitale ya ku Vadinar pafupifupi theka lake ndi la Rosneft, kampani ya boma la Russia. A EU anadzavomereza zotseka khomo limeneli mu July 2025, patatha zaka zoposa zitatu nkhondo ili mkati.

Gasi ndiye anakanirira. Zitsime zikuluzikulu za kumadzulo kwa Siberia, za ku Urengoy ndi Yamal, mapaipi ake onse analoza ku Ulaya. Ilipo paipi yopita ku China, yotchedwa Power of Siberia, imene inatsegulidwa mu December 2019, koma imatunga m'zitsime zina za kum'mawa ndipo inamangidwa kuti izinyamula makiyubiki mita 38 biliyoni pa chaka. Yerekezani ndi 155 aja. Yachiwiri, yodzera ku Mongolia, akhala akuikambirana zaka zambiri, ndipo China sathamanga. Athamangirenji? Akudziwa kuti wogulitsayu alibe kwina kopita, ndendende mmene Gazprom ankadziwira za Lithuania. Mu 2023 Gazprom inaluza ma ruble 629 biliyoni, koyamba kutseka chaka ndi chitayiko pa zaka zoposa 20.

Tibwere ku funso lanu lenileni: chatsala n'chiyani? Gawo la Russia pa gasi wolowa mu EU linatsika kuchoka pa 45 peresenti kufika pafupifupi 15 mu 2023, kenako linakwerako pang'ono mu 2024. Ndipo mumve izi. Mpaka pa 1 January 2025 gasi wa ku Russia ankadutsa mu Ukraine mwenimwenimo, mabomba akugwa, Gazprom n'kumalipira Ukraine ndalama ya njira malinga ndi kontirakiti ya zaka zisanu imene anasaina mu 2019. Itatha, a Ukraine anakana kuiwonjezera. Paipi imene inatsala ndi TurkStream, yodutsa pansi pa Black Sea kudzera ku Turkey, imene imadyetsa makamaka Hungary ndi Slovakia. Mayiko awiri omwewa anapatsidwanso chilolezo chopitiriza kulandira mafuta a m'paipi yakale ya Druzhba. Palinso mafuta a nyukiliya, chifukwa malo ena opangira magetsi kum'mawa kwa Ulaya anamangidwa ndi a Soviet ndipo anazolowera a kampani ya Rosatom.

Anthu ambiri akafuna kutchula achinyengo amaloza Viktor Orbán wa ku Hungary ndi Robert Fico wa ku Slovakia, amene ankatsogolera mayikowa mu 2025. Ine monga Mmalawi dandaulo lawo ndimalimva pang'ono. Dziko lopanda nyanja timalidziwa ife, amene petulo wathu amadikira Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo kukangotsekeka kwinakwake mizere pa filing'i siteshoni imafika kumsika. Koma pang'ono pomwepo basi. Czech Republic nayenso alibe nyanja, nayenso ankamwa mu Druzhba, koma anakulitsa paipi yochokera ku doko la Trieste ku Italy ndipo mu 2025 anasiya mafuta a ku Russia. Njira inalipo kwa wofuna. Orbán anasankha mtengo wotsika ndi ubwenzi wa ku Moscow, ndipo ankazinena poyera. Munthu wochita poyera mukhoza kumuda, koma chinyengo ndi china.

Chinyengo chenicheni ine ndimachiona ku madoko a mayiko amene amalankhula mokweza. Gasi wa m'mapaipi akutsika, LNG wa ku Russia, wochokera ku fakitale ya Yamal ya kampani ya Novatek, ankakwera, ndipo mu 2024 mayiko a EU anagula wochuluka kuposa chaka china chilichonse. Ankatsikira ku France, ku Belgium ndi ku Spain, mayiko okhala ndi nyanja, oti akanatha kugula kwina. Doko la Zeebrugge linkathandizanso kusamutsa gasi wa ku Russia kuchoka m'sitima zoswa chipale kupita m'sitima zina zopita ku Asia, mpaka zinaletsedwa mu March 2025. Chinanso ndi feteleza. Yureya amapangidwa kuchokera ku gasi, tingoti ndi gasi wa m'thumba. Mafakitale a feteleza a ku Ulaya atachepetsa ntchito chifukwa gasi wadula, alimi awo anapitiriza kugula feteleza wa ku Russia, wopangidwa ndi gasi yemwe uja. Msonkho wokhwima pa fetelezayu unayamba mu July 2025.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri sichikhudza Russia n'komwe. Sitima za LNG zimene zinapulumutsa Ulaya mu 2022 sizinagwe kumwamba. Zina zinali zoti zipite ku Pakistan ndi Bangladesh. Azungu anatchula mtengo umene mayiko amenewa sakanaufikira, ogulitsa ena anaona kuti kuphwanya kontirakiti n'kulipira chindapusa kuli ndi phindu, ndipo ku Karachi ndi Dhaka magetsi ankazima maola ambirimbiri. Komanso mu November 2021 ku Glasgow, mayiko angapo a ku Ulaya analonjeza kusiya kuthira ndalama za boma pa ntchito za mafuta ndi gasi kunja, zimene ku Africa kuno tinazimva ngati kutiuza kuti gasi wanu musiyeni pansi. Pasanathe chaka, Scholz anali ku Dakar akukamba za gasi wa Senegal, nduna za Italy zili ku Angola ndi Congo, ndipo malasha a ku South Africa ankatuluka pa Richards Bay kupita ku Ulaya mochuluka kuposa kale. Mu November 2022 anansi athu a ku Mozambique anatumiza sitima yawo yoyamba ya LNG kuchokera ku Coral Sul, fakitale yoyandama ya kampani ya Eni kufupi ndi gombe la Cabo Delgado, ndipo inalowera ku Ulaya. Gasi amene dzana anali woipa kwa ife, dzulo anakhala wabwino chifukwa chofunda chawang'ambikira iwo.

Ifenso utsi wake unatifika, ndipo abale anu kumudzi angakuuzeni bwino kuposa ine mmene thumba la feteleza linakwerera. Zifukwa zinali zingapo, kugwa kwa kwacha kuli momwemo, koma gasi ndi chimodzi mwa zikuluzikulu. Mukukumbukira matani 20,000 a feteleza amene kampani ya ku Russia ya Uralchem inapereka ku Malawi? Anali atakanirira pa doko ku Netherlands, chifukwa ngakhale fetelezayo sanali woletsedwa, munthu wina wogwirizana ndi kampaniyo anali pa mndandanda wa zilango. Bungwe la WFP linachita hayala sitima kumapeto kwa 2022, katundu anadzera ku Mozambique, ndipo mwambo woperekera unachitika mu March 2023, chimanga cha anthu ambiri chitamasula kale ngayaye.

Wapsa kwambiri ndani? Maganizo anga ndi akuti pa gasi wapsa ndi Russia. Msika umene mtsogoleri wa Soviet Brezhnev ndi onse omutsatira anausamala zaka 50, osautseka ngakhale pa nthawi ya udani woopsa, Putin anautaya m'chilimwe chimodzi, ndipo chida chimene ankaopsezera nacho anachigwiritsa ntchito kamodzi n'kutha. Pa mafuta sanapse kwenikweni, wangowauka. Ulaya analipira ndi ndalama komanso ndi mafakitale amene ankapikisana pa dziko chifukwa cha gasi wotchipa, ndipo ena sadzabwereranso. Amene anatola chikwama ndi America, yemwe mu 2023 anakhala wogulitsa LNG wamkulu pa dziko lonse, ndi Norway. Mu July 2025, pokambirana za msonkho ndi Donald Trump, a EU analonjeza kugula mafuta, gasi ndi zina zotere za ku America za madola 750 biliyoni pa zaka zitatu. Qatar naye anachenjezapo kuti asiya kuwagulitsa akamupanikiza ndi malamulo awo atsopano okhudza chilengedwe ndi ufulu wa ogwira ntchito. Kudalira ena sikunathe, kungoti wa pa sitima ukhoza kumusintha, wa pa paipi ayi.

Kumapeto kwa 2025 a EU anagwirizana zoti gasi yense wa ku Russia, wa m'sitima ndi wa m'paipi, asiye kulowa chisanathe chaka cha 2027. Anachenjera pozikonza ngati lamulo la malonda osati zilango, kuti zisafune kuti onse 27 avomere, moti kukana kwa Hungary ndi Slovakia sikunaletse kanthu. Lamuloli likupatsanso makampani aja a makontirakiti aatali chowiringula chokaima nacho kukhoti.

Za bilu yanu, achemwali, sindikunamizani kuti ibwerera pa mtengo wa 2019. Gasi wa m'sitima amamulimbirana ndi Japan, South Korea ndi China, ndipo wa ku Qatar amayenera kudutsa pa kampata ka Hormuz, pakati pa Iran ndi Oman. Kale mukafuna kudziwa za bilu ya January munkamvetsera zimene zikuchitika pakati pa Moscow ndi Kyiv. Pano muzimvetseranso ngati ku Tokyo ndi ku Beijing kwazizira, komanso muzionako kuti nkhokwe za ku Ulaya zadzaza bwanji pofika 1 November.